Injini ya galimoto yakale ikayamba kugogoda, mvetserani kaye musanamasule bawuti

Loweruka lina m'mwezi wa July, bambo wina wachikulire wa kwathu anafika pamene ndimagwirira ntchito ku Turffontein mu Johannesburg atakoketsa Peugeot 404 yake. Galimotoyi anamusiyira ndi abwana ake akale, ndipo amaisamala ngati mwana wobala yekha. Nkhope inali yakugwa. Kwina kumene anayamba kupita anamuuza kuti injini yanoka, itsitsidwe basi, crankshaft, chitsulo chachikulu cha pansi chimene mapisitoni amachizungulitsa, ipite kokapala. Tinayang'ana oyilo, tinailiza kwa mphindi ziwiri zokha. Phokoso linalipodi, gogogo, koma linkamveka kutsogolo kwenikweni, osati pansi. Bawuti yogwira pulley ya crankshaft inali itakhwefuka, pulley n'kumamenya pa kiyi wake, kachitsulo koigwira kuti isazungulire payokha. Tinaika kiyi wina, n'kumanga bawutiyo, ndipo madzulo omwewo bambo aja anabwerera ku Rosettenville akuyendetsa okha.

Sikuti nthawi zonse zimatha chonchi. Injini zina zimakhala zitathadi. Koma achimwene, kumasula injini ya zaka 50 si nkhani yamasewera. Ku France 404 yokwera anthu anasiya kuipanga mu 1975, Beetle yomaliza ya ku Uitenhage inatuluka mu 1979, ndipo ngakhale bakkie ya Nissan 1400, imene timaionabe ikunyamula zitsulo m'misewu ya Joni, inalekeza mu 2008 ku Rosslyn. Gasiketi mukaing'amba, ina muidikira milungu. Ndiye ntchito yoyamba ndi ya khutu, ndipo timayambira pa zotsika mtengo n'kumapita ku zodula.

Musanailize

Funsani mwiniwake bwinobwino. Phokoso linayamba mwadzidzidzi kapena lakhala likukula pang'onopang'ono? Inatenthapo posachedwa? Pali amene anagwirapo, kusintha mapulagi, kukhudza distributor, kuthira petulo wina? Yakhala zaka zingati itaima? Phokoso lobwera tsiku lomwelo munthu atagwirapo, kawirikawiri gwero lake ndi pomwe anagwirapo pomwepo.

Kenako solojani kamtengo koyezera oyilo. Onani ngati oyilo ali pa mzere, koma musalekere pamenepo: mununkhizeni. Galimoto zakalezi zimakhala ndi pampu ya petulo yomangidwa pa injini, yoyendetsedwa ndi camshaft (chitsulo chozungulira chotsegula mavalavu), ndipo kachikopa ka m'kati mwake kakabooka petulo amatsikira mu sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini. Oyilo amaoneka ngati wawonjezeka, koma ndi wamadzimadzi, sangathenso kutchinjiriza ma bearing, tizitsulo tosalala timene crankshaft imazunguliramo. Ndaonapo injini zabwinobwino zikuphedwa ndi kachikopa kameneka. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa. Akamanyezimira padzuwa ngati mwathiramo tizitsulo tosalala, musailizenso, pitani molunjika ku gawo la sampu lili kumapetoku.

Ngati galimoto yakhala nthawi yaitali osalira, chotsani mapulagi onse, muzungulitse injini ndi sitata mpaka getsi la oyilo litazima kapena geji itakwera, kenako muwabwezeretse. Ndipo ntchitoyi ichitikire panja kapena zitseko za galaja zili pululu. Malaya olendewera vulani, fani sasankha.

Mafunso atatu

Pezani mnzanu woti akhale pachiwongolero, inu mukhale kuboneti. Mutu umodzi susenza denga, ndipo amene ali m'kati samva zofanana ndi amene ali kunja. Yambani injini ili yozizira kwenikweni, yogona usiku wonse. M'mawa wa June kapena July kuno ndi wabwino pa ntchito imeneyi, chifukwa chisanu chimaulula phokoso limene masana limabisala.

Funso loyamba: likumveka liti? Ikangolira kumene, kapena itatentha? Ikamalira yokha, mukaiponda moto, kapena pamene mwangochotsa phazi? Lembani papepala. Patsiku lachiwiri khutu limasokoneza zimene linamva.

Lachiwiri: likuthamanga bwanji? Camshaft imazungulira kamodzi pamene crankshaft yazungulira kawiri. Choncho phokoso la mavalavu limayenda pa theka la liwiro la injini. Ngati muli ndi timing light, getsi lophethira nthawi iliyonse pulagi ikapereka moto, ikoletseni pa waya wa pulagi imodzi n'kumayerekeza. Kugogoda kumodzi pa kuphethira kumodzi kwa getsi, ganizirani zapamwamba. Kugogoda kuwiri, ganizirani zapansi. Ichi chimangokulozerani njira, musagamule nacho mlandu.

Lachitatu: likuchokera pati? Tengani sikuludiraiva yaitali, nsonga muiike pa chitsulo cha injini, chogwirira muchitsamize pa fupa la pafupi ndi khutu. Ndodo youma ya tsache imagwiranso ntchito. Yendani nayo pa chivundikiro cha matapeti (tizitsulo tokankha mavalavu), m'mbali mwa buloko silinda iliyonse payokha, pa chivundikiro cha timing kutsogolo, pamphepete pa sampu, mpaka kumbuyo kumene injini imakumana ndi giyabokosi. Chitsulo chimanyamula phokoso kutali, ndiye musakhutire ndi pamene mwalimva koyamba. Funani pamene likuboola khutu.

Chotsani kaye zakunja

Apa ndi pamene bambo a 404 aja anapulumukira. Zimitsani injini, vulani lamba wa fani, ilizeninso kwa mphindi imodzi yokha. Pa Beetle chepetsaninso, chifukwa lamba yemweyo ndi amene amazungulitsa fani yoziziritsa injini yonse. Phokoso likatha, vuto lili pa pampu ya madzi, pa jenereta kapena alternator, kapena fani ikukhudza penapake. Injini ili chizimire, gwirani pulley ya pansi ndi manja awiri muigwedeze. Gwedezaninso ekizozi, onani malabala amene injini imakhalira. Gasiketi ya ekizozi yopsa pa manifold imalira te te te ngati tapeti, makamaka kukazizira, ndipo imasiya mwaye wakuda pamene ikupumira. Flywheel, gudumu lolemera la kumbuyo kwa crankshaft, ikakhwefuka imagogoda mozama ngati main bearing (bearing yogwira crankshaft pa buloko), koma imamveka kwambiri pamene injini ikuzima kapena mukaiponda mwadzidzidzi ikulira yokha, ndipo pulesha ya oyilo imakhala bwinobwino.

Kuzindikira mawu ake

Tapeti imalira mopepuka, mosadukiza, ngati makina osokera a telala wa pakhonde. Imamveka pamwamba ndipo silabadira kuti galimoto yanyamula katundu kapena ayi. Mankhwala ake ndi feeler gauge, timapepala tachitsulo toyezera mpata, ndi buku la galimotoyo. Pa Beetle mpata ndi 0.15 mm injini ili yozizira, pa Nissan 1400 ndi 0.35 mm ili yotentha. Musatengere nambala ya galimoto ina. Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa nkhaniyi imandidetsa nkhawa. Petulo wokhala ndi mtovu anasiya kugulitsidwa muno mu South Africa mu 2006, pamene injini zambiri zakale zinapangidwa kuti mtovuwo uziteteza pokhalira mavalavu a ekizozi. Popanda mtovu, valavu imadya pokhalira pake n'kumalowa m'kati, mpata n'kumachepa. Ndiye injini yakale imene matapeti ake angoti zii mwadzidzidzi musaisangalalire, yezani mpata. Kulira pang'ono n'kwabwino kusiyana ndi valavu yopsa.

Pisitoni yogwedera m'silinda imalira mwamphako, kho kho kho, ngati mukugogoda mtsuko wopanda madzi. Imamveka m'mawa, injini ikatentha pisitoni imafufuma ndipo phokoso limachepa kapena kutheratu. Ngati likutha pakapita mphindi zingapo, oyilo sakutha msanga, utsi wabuluu kulibe, ine ndimauza mwini galimoto kuti aziyenda, angoipatsa nthawi yotenthera m'mawa. Injini yotere imatha zaka.

Gudgeon pin, kachitsulo kolumikiza pisitoni ndi con rod (mkono wochoka ku pisitoni kupita ku crankshaft), imagogoda mowirikiza, ka-ta ka-ta, mopepuka koma mwakuthwa, makamaka injini ikamalira yokha itatentha.

Tcheni cha timing chotha chimachita waka waka kutsogolo, ngati chikukwekwesa chivundikiro. Eni Cortina ndi Granada za injini ya Essex V6 adziwe kuti mmenemo mulibe tcheni, muli magiya, ndipo giya ya camshaft mano ake si achitsulo. Ikayamba kugogoda kutsogoloko musazengereze, mano akagumuka injini imazima pomwepo.

Tsopano ziwiri zoopsa. Big end, bearing ya con rod pa crankshaft, imagogoda momveka bwino, go go go, ngati munthu akumenya chitseko cha thabwa ndi kanyundo. Chizindikiro chake n'chakuti imakula injini ikatentha oyilo atapyapyala, mosiyana ndi pisitoni ija. Mnzanuyo aponde moto pang'onopang'ono mpaka injini izizungulira ka 2,000 kapena 2,500 pa mphindi, agwire pomwepo, kenako achotse phazi pang'ono. Pa kanthawi kameneko, pamene injini sikukoka komanso sikubwerera, ndi pamene big end imadziulula. Main bearing mawu ake ndi akuluakulu, ozama, di di di ngati mtondo ukusinja kuseri kwa nyumba. Imamveka galimoto ikamakoka katundu pa liwiro lotsika, ndipo nthawi zina mumaimva m'mapazi kuposa m'khutu. Palinso china chapafupi: ngati phokoso likusintha mukaponda kilatchi, crankshaft ikuyenda chamtsogolo ndi chambuyo chifukwa ma thrust washer adyeka. Zimitsani injini, kankhani pulley ndi chitsulo mofatsa. Ikasuntha moti maso n'kuona, mwapeza.

Kuzimitsa silinda imodziimodzi

Njira imeneyi ndi imene ndimaidalira kwambiri, ndipo siifuna ndalama. Injini ili chizimire, khwefulani mawaya onse a mapulagi kuti angokhala chokhalira. Ilizeni, muiike pa liwiro limene phokoso likumveka bwino. Ndi pulayala ya zogwirira za labala, zulani waya umodzi, nsonga yake muiyandikize pa chitsulo cha injini kuti moto upeze kothawira. Izi n'zofunika kwambiri ngati galimoto anaichotsa ma points n'kuikamo electronic ignition, chifukwa moto wosowa kopita umaotcha kabokosi kake. Mvetserani kwa masekondi ochepa, bwezerani, pitani pa wina.

Silinda ikasiya kuphulika, mphamvu yokankha pisitoni imachoka. Ngati kugogoda kwachepa kwambiri kapena kwatha, n'kubweranso mukabwezera waya, vuto lili pa silinda imeneyo: big end, kapena pisitoni. Gudgeon pin nthawi zina imachita zosiyana, imawonjeza kulira. Main bearing imangochepa pang'ono, ndipo imachepa pa masilinda awiri oyandikana nayo, osati imodzi. Phokoso likapanda kusintha pa masilinda onse, bwererani ku matapeti, ku timing, ku flywheel.

Muzule mawaya limodzilimodzi kuti asasokonekere. Injini zambiri za masilinda anayi zimaphulika 1-3-4-2, koma Kent ya Ford ndi 1-2-4-3, ndipo Beetle ndi 1-4-3-2. Mawaya osinthanitsidwa abweretsa phokoso latsopano pamwamba pa lakale.

Pulesha ya oyilo

Getsi lofiira la pa dashibodi musalikhulupirire. Limayaka pulesha itatsikiratu, pa theka la bar kapena kucheperapo, pamene zinthu zaonongeka kale. Masulani switch ya oyilo pa buloko, mumangepo geji yeniyeni. Yezani injini ili yozizira, kenako muisiye itenthe mokwanira n'kuyezanso. Nambala yeniyeni ili m'buku la galimotoyo, koma amakaniko timayendera kuti pa 1,000 iliyonse ya liwiro la injini pakhale pafupifupi 0.7 bar. Pulesha yabwino kukazizira imene imagweratu injini ikatentha ikuloza ku ma bearing otha, makamaka main. Dziwani kuti big end imodzi ikhoza kugogoda pulesha ikuonekabe bwino, choncho geji yabwino siifafaniza zimene munamva pozula mawaya.

Kugogoda kozama pamodzi ndi pulesha yotsika, galimoto isapitenso pamsewu. Ikokedwe. Con rod ikaduka imaboola buloko, ndipo buloko ya 1968 simuigula pa shopu.

Ndinenepo za oyilo wolimba. 20W-50 ndi woyenera injini zambiri za zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Koma kuthira mankhwala okhuthala ngati uchi, kapena oyilo wa giyabokosi, kuti phokoso libisale, ndi kupha injini mwakachetechete. Ena amachita zimenezi pofuna kugulitsa galimoto, ndipo amene amapwetekeka ndi m'bale wathu amene wasunga ndalama chaka chonse. Mukamagula galimoto yakale, fikani m'mawa injini isanalizidwe, ndipo oyilo mumugwire ndi zala.

Pamsewu, ndi nkhani ya kukwera kwa Joni

Ngati pulesha ili bwino ndipo phokoso limangomveka poyenda, pezani chitunda. Munro Drive ku Houghton ndi yabwino, koma chitunda chilichonse chikwanira. Ikani giya yapamwamba pa liwiro lotsika, pondani moto. Mukamva kuthetheka kopepuka, ngati chimanga chikukazingidwa m'chiwaya, n'kutha mukachotsa phazi kapena mukatsitsa giya, kumeneko si bearing. Ndi petulo amene akuphulika mosalongosoka m'silinda, chimene amakaniko amati pinking.

Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya kuno ndi wopepuka, wolowa m'silinda ndi wochepa, n'chifukwa chake petulo wa 93, amene amathetheka msanga kuposa wa 95, amagulitsidwa kuno pamene kugombe amagulitsa 95. Amakaniko ambiri a kuno amapititsa timing, nthawi imene pulagi imapereka moto, patsogolo pang'ono kuti galimoto ipezeko mphamvu, ndipo kuno imayenda bwino. Koma galimoto yomweyo ikatsika N3 kupita ku Durban, kapena ikauyamba ulendo wa kumudzi n'kufika m'chigwa chotentha cha Tete, imayamba kuthetheka. Musanyamuke ulendo wotero musanabweze timing pa nambala ya m'buku, ndipo thirani 95.

Ndiye ikamathetheka kuno komwe, pamene mpweya ukuithandiza kale, pali chimene chalakwika ndithu. Yambani ndi timing. Onani ngati tizitsulo ndi masipuling'i a m'kati mwa distributor sizinagwirane ndi dzimbiri. Onani ngati injini sikutentha mopitirira, ngati mapulagi ndi a nambala yoyenera, ngati kabuleta sikupereka petulo wochepa kapena manifold sikuyamwa mpweya pambali. Chotsala ndi mwaye wouma pamwamba pa mapisitoni, umene umachuluka m'galimoto zongoyenda Lamlungu kupita kutchalitchi. Phokosoli limamveka laling'ono, koma likakhalitsa limaswa ma ring ndi kuboola pisitoni.

Mukafuna kuyeza compression, mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda, kumbukiraninso kukwera komweku. Geji kuno imawerenga motsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi nambala ya m'buku. Injini yoyenera kupereka 10 bar kugombe, kuno ipereka 8 ndi kakusefukira, ndipo ili bwinobwino. Chimene muyang'ane ndi kufanana kwa masilinda, asasiyane kupitirira 10 pa 100 iliyonse. Anthu atsitsapo injini zamoyo chifukwa chosadziwa chimenechi.

Kutsegula sampu

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ngati mwadekha mpaka pano, mukudziwa kale silinda imene mukuikayikira. Khuthulirani oyilo m'beseni loyera, mupite nalo padzuwa. Yendetsanimo maginito. Zokakamira ku maginito ndi chitsulo, mwina cha camshaft, tcheni kapena ma ring. Zonyezimira zosakakamira, zoyera kapena zofiirira ngati mkuwa, ndi bearing. Dulani filita ndi chodulira chosatulutsa utuchi wachitsulo, mutambasule pepala lake. Beetle ilibe filita yotere, ili ndi kasefa pansi pa injini, ndiye yang'anani pamenepo. Komanso injini ya Beetle ilibe sampu yomasula payokha, kufika ku ma bearing ake n'kuitsitsa ndi kuigawa pakati.

Galimoto ikhale pa ma stand olimba. Jeke yekha ayi, njerwa ayi. Pa galimoto zina sampu imatuluka injini ili pomwepo, pa zina muyenera kuikweza pang'ono. Mukatsegula, gwirani big end iliyonse muikankhe m'mwamba ndi pansi. Kuyenda cham'mbali pang'ono n'kwachibadwa, koma m'mwamba ndi pansi isagwedere n'komwe. Yofiirira kapena yakuda ndi kutentha, ndi imeneyo. Musanamasule kapu iliyonse ikani chizindikiro cha nambala yake ndi mbali imene yayang'ana, chifukwa makapu sasinthanitsidwa ndipo satembenuzidwa.

Yang'anani bearing. Ya imvi yosalala ili bwino, yoonekera mkuwa yatha. Kuseri kwake kumakhala chidindo, STD kapena 0.25 kapena 010, chokuuzani ngati crankshaft inapalidwapo kale. Yendetsani chikhadabo pa crankshaft. Chikakodwa, payenera kupalidwa. Ngati n'posalala, pukutani oyilo, ikani kachidutswa kobiriwira ka Plastigauge (kaulusi koyezera mpata wa bearing), mangani kapu ndi torque wrench pa nambala ya m'buku osazungulitsa injini, masulani, yerekezani kuphwatalala kwake ndi mizere ya papepala lake. Kobiriwira kamayeza kuyambira 0.025 mpaka 0.076 mm, ndipo injini zambiri za nthawi imeneyo mpata wake umagwera mmenemo. Yezaninso ndi micrometer mbali ziwiri zopingasana, chifukwa crankshaft imadyeka ngati dzira, ndipo bearing yatsopano pa crankshaft yotero sikhalitsa.

Galimoto zakale kwambiri, monga Ford Model A ya 1927 mpaka 1931, za mtundu umene mungauone ku James Hall Museum of Transport ku La Rochelle, zilibe ma bearing ovula ndi kuvala. Chitsulo chofewa chimachita kusungunulidwa n'kuthiridwa pa con rod ndi pa buloko penipeni, ndipo mpata amauchepetsa pochotsa timapepala tachitsulo ta pakati pa kapu. Yotere ikakupezani, yezani ndi kulemba, koma kuthira chitsulocho musiyire amisiri ake.

Crankshaft ikafunika kupala, pezani kaye ma bearing musanapite nayo ku engineering, kaya ku Booysens kaya ku Selby. Apale molingana ndi ma bearing amene muli nawo m'manja, 0.25, 0.50 kapena 0.75 mm, osati apale kaye inu n'kumakasaka saizi imene kulibe. Con rod ya bearing yopsa ipite nawo akaiyeze ngati bowo lake likadali lozungulira. Ndipo funsani chimene chinapha bearing yoyambayo: pampu ya oyilo yotha, kasefa ka mu sampu kotsekeka ndi matope a oyilo, petulo wa kachikopa kaja, kapena kuthetheka kwa nthawi yaitali. Tsukani timabowo tonse ta oyilo m'crankshaft ndi kaburashi ndi mpweya mpaka nsalu yoyera izituluka yoyera. Pomanga pakani oyilo pa bearing iliyonse, ndipo mukamanga kapu imodzi zungulitsani crankshaft ndi dzanja musanapite pa ina. Ikalimba, imani pomwepo mupeze chifukwa. Tsiku loiliza, mapulagi akhale kunja mpaka geji ya oyilo itakwera.